Mkono wa Masentimita 41

Lolemba, 4 Malichi

Andigoneka. Wodi ya amayi oyembekezera, bedi lachisanu ndi chinayi, pafupi ndi zenera. Ndinabwera kusikelo nditavala nsapato za kuntchito, ndikuganiza kuti pofika teni koloko ndikhala nditabwerera. BP inapezeka 168/108, mumkodzo muli mapuloteni. Mimba ili ndi masabata 31 ndi masiku 5. Kulemera kwanga: makilogalamu 118. Namwino anawerenga nambala imeneyi mokweza ngati akulengeza zigoli.

Kope ili ndi la kuntchito. Ndimayeza mafuta ophikira mu labotale ya fakitale, kuona ngati ali bwino asanapite kumasitolo. Zizolowezi sizifa, ndiye ndizilemba chilichonse chomwe akundiyeza.

Zaka zitatu zapitazo ndinabereka mwana wamwamuna pa masabata 29. Sanakhalitse. Dokotala wamkulu, mayi wa imvi wolankhula pang'ono, akuti tikafika masabata 34 mapapo a uyu adzakhala atakhwima ndithu. Ndawerengetsa: 20 Malichi. Kwatsala masiku 16.

Lachiwiri, 5 Malichi

Mankhwala: metilidopa 500 mg katatu pa tsiku, nifedipini 20 mg m'mawa ndi madzulo. Jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana, 6 mg pa maola 12 alionse, kanayi. BP amayeza pa maola anayi alionse: 164/104, 160/102, 166/106. Lamba wa makinawo sakwana bwino pamkono panga. Akamafufuma amamasuka, ndiye namwino amamugwirira ndi dzanja.

Pabedi lachikhumi pali mayi wogulitsa nsapato pamsika, woyembekezera ana awiri. Wodi yonse imawatcha Amake Mapasa.

"Kodi achemwali, mukulemba mayeso?"

"Ndikulemba BP."

"Ilembeni ndi zilembo zikuluzikulu, mwina ichita manyazi itsika."

Kuyambira pamenepo akunditcha Alembi.

Lachitatu, 6 Malichi. Masabata 32

Kwabwera namwino wa kafukufuku, wovala malaya obiriwira. Akufuna amayi oyembekezera onenepa kwambiri. Anazungulirazungulira posaka mawu aulemu mpaka ndinawathandiza: "Mukunena ife opitirira handiredi. Khalani pansi."

Akuyeza zinthu ziwiri m'magazi. Choyamba ndi leputini. Mafuta a m'thupi amatulutsa timadzi timeneti ngati mthenga wokauza ubongo kuti nkhokwe yadzaza, leka kudya. Munthu akanenepa kwambiri amithengawo amachuluka, onse n'kumakuwa nthawi imodzi, mpaka ubongo umagontha. Nkhokwe ili yodzaza, mwini wake akumva njala. Pa mimba nsengwa nayo imatulutsa leputini wake, ndipo ikamavutika imatulutsa wambiri.

Chachiwiri namwinoyo anachitcha dzimbiri la m'thupi. Apa ndinamwetulira, chifukwa ndiyo ntchito yanga. Mafuta ophikira akakumana ndi mpweya, kutentha ndi kuwala amayamba kuwonongeka, fungo n'kusintha, kukoma n'kusanduka kuwawa. M'thupi namonso mpweya womwe umatipatsa moyo umasiya tizidutswa tolusa, toluma mafuta ndi makoma a mitsempha. Thupi lili ndi zozimitsira zake, koma tizidutswato tikachuluka kuposa zozimitsira, mitsempha imavulala ndi kufinyika. Ofufuzawo akufuna kudziwa ngati leputini wambiri amayendera limodzi ndi dzimbirilo, ndiponso ngati ziwirizi zili ndi mbali pa matenda ngati angawa.

Ndinafunsa: "Zindithandiza ineyo?"

"Ayi, mayi. Mwina mwana wanuyo akadzakula."

Yankho loona. Ndasaina.

Lachinayi, 7 Malichi

Namwino wa kafukufuku atenga magazi, timabotolo titatu. Ali pakati anawaitana kuofesi, timabotolo n'kutsala pa tebulo la pazenera, padzuwa. Ndinayang'ana wotchi. Anabwerera patatha mphindi 40.

"Taponyani amenewo, mutengenso ena," ndinatero. "Mukufuna kuyeza dzimbiri la m'thupi mwanga kapena la pazenera? Ife mafuta oti tiyeze timawabisa mu botolo lakuda, pozizira."

Anaseka. "Zoona, amayenera kukhala pa ayezi. Koma inu, munthu kupempha yekha singano yachiwiri!"

Chachikulu cha lero ndi ichi. Asanandiyeze BP anazunguliza tepi pamkono panga: masentimita 41. Kenako anatulutsa m'chikwama chawo lamba wina, wotambalala, wautali, yemwe anandikwana popanda womugwirira. Zotsatira: 146/94, nthawi 9:50. Wa muwodi anali atandiyeza 9:30 ndi lamba wamng'ono: 166/106. Mkono womwewo, munthu yemweyo.

Ndinafunsa chifukwa chake. Akuti lamba wothina pa mkono waukulu amakweza nambala. Wamkuluyo ndi wa kafukufuku, amagona mu kabati kuofesi yawo. Muwodi muno mulibe.

Lachisanu, 8 Malichi

Ndawapempha namwino wa kafukufuku kuti azidutsa pano ndi lamba wawo nthawi iliyonse akakhala muwodi. Ndajambula mizere iwiri m'kope.
Wamng'ono 162/104, wamkulu 144/92.
Wamng'ono 168/108, wamkulu 148/94.
Wamng'ono 160/102, wamkulu 142/90.
BP yanga ndi yokwera ndithu, sindikudzinamiza. Koma si yomwe ikulembedwa mu fayilo. Ndawauza Sisitala, wamkulu wa anamwino muno. Akuti, "Makina amenewa ayeza amayi masauzande, mayi. Gonani." Magazi a lero: impso ndi chiwindi zili bwino. Mapulateleti, tizigawo tothandiza magazi kuundana, 210. Ali bwino.

Masana kunabwera apongozi ndi mlamu wanga. Apongozi anabweretsa mpunga, nyemba ndi nkhuku yokazinga, n'kukhala akundiyang'ana pakamwa. Mbale ili pakati anayamba: "Komatu mwanangu, thupi limenelo ndi lomwe likupanikiza mdzukulu wanga." Mlamu anatulutsa botolo la mapilitsi ofiira a mavitamini, akuti amatsuka dzimbiri lonse la m'magazi, anaona pafoni. Ndafunsa dokotala wamng'ono wa muwodi. Akuti mavitamini otero anayesedwa kale pa amayi ambirimbiri, sanaletse matendawa. Ndawabwezera mlamu botolo lawo. Anyamuka atatupa masaya.

Loweruka, 9 Malichi

Ndachita chopusa, ndipo ndichilemba monga ndimalembera zolakwa za kuntchito. Mawu a apongozi anandilowa. Dzulo madzulo sindinadye, m'mawa uno ndinangomwa tiyi. Ndimati mwina leputini atsikeko. Poyeza mkodzo masana anapeza zizindikiro zoti thupi layamba kudzidya lokha.

Sisitala anaima kumiyendo kwa bedi manja ali m'chiuno. "Inu ophunzira inu ndiye ovuta. Makilogalamu a zaka khumi mukufuna kuwachotsa m'masiku awiri, mwana ali m'mimba? Amene mukumumana chakudya ndi ndani?"

Analondola. Ndadya phala, dzira ndi nthochi. Amake Mapasa anandiperekeza ndi sipuni yawo, akuti munthu wodya yekha amaganiza zambiri.

Lamlungu, 10 Malichi

Ndilemba zonse mwa ndondomeko.

8:00, lamba wamng'ono: 174/112. 8:15: 172/112. Dokotala wamkulu kulibe, lero ndi Lamlungu. Dokotala wamng'ono anati, "Mayi, mankhwala akanika. Musadye kanthu, tikonza thiyeta." Anaika pepala losainira opaleshoni pabulangete. Masabata 32 ndi masiku 4.

Ndinati sindisaina mpaka andiyeze ndi lamba wondikwana. Ndinawaonetsa mizere yanga iwiri. Mutu sukundipweteka, maso akuona bwino, magazi a Lachisanu ali bwino, mwana akusewera. Anati lambayo watsekeredwa kuofesi ya kafukufuku, ndipo iwo sangadikire kuti ndiyambe kukomoka ndi kugwedezeka ali chiyang'anire. Sindinawaimbe mlandu. Akanakhala ine, ndi nambala imeneyo mu fayilo, ndikanachita zomwezo.

Amuna anga anafika ali ndi mafuta a galimoto m'zikhadabo, anachokera kugalaja. Atamva 174 nkhope inagwa.

"Amayi, sainani. Ndinaika kale mmodzi m'manda. Inu ndiye ayi."

"Bambo, sipanala ya nambala ina mungamangire nayo nati?"

"Musandiuze za masipanala. Awa ndi madokotala."

"Ndikupempha ola limodzi lokha."

Anakhala pampando n'kugwira mutu. Amake Mapasa ndiwo anakumbukira: "Alembi, pa pepala lija munasaina Lachitatu palibe nambala ya foni?" Inalipo, pansi penipeni. Amuna anga anaimba. Namwino wa kafukufuku anafika 9:20 atavala zakunyumba, sopo wochapira akuonekabe m'manja, makiyi ali m'thumba.

Dokotala wamng'ono anayeza yekha ndi lamba wamkulu, akumvetsera ndi zam'makutu: 150/96. Anadikira mphindi zisanu: 148/96. Anamanganso lamba wamng'ono uja: 170/110. Kenako anatuluka kukaimbira dokotala wamkulu.

Chigamulo: tidikira. Andiyeza ola lililonse lero, magazi tsiku ndi tsiku. Dokotala wamng'ono anandiyang'ana m'maso. "Koma tigwirizane. Lamba wamkuluyu akadzati 160/110, kapena mutu ukadzayamba, kapena maso, kapena kupweteka pansi pa nthiti, palibenso kukambirana."

"Palibe," ndinatero. Tinagwirana chanza.

Amuna anga sanandilankhule mpaka nthawi ya alendo itatha. Potuluka anandikonzera pilo.

Lolemba, 11 Malichi

Dokotala wamkulu anawerenga kope langa tsamba ndi tsamba, magalasi ali pamphuno. Anangoti, "Lamba wamkuluyo azigona muwodi muno." Kenako anauza ophunzira omwe amawatsatira kuti ayeze mkono wa mayi aliyense ndi tepi. Apezeka enanso awiri ofunika lamba wamkulu. Mmodzi amuchepetsera mankhwala.

Sisitala sanandipatse moni m'mawa. Masana anabwera okha kudzandiyeza, anamanga lambayo mosamala, n'kunena akuyang'ana makina, "146/94. Lembani, Alembi."

Lachiwiri, 12 Malichi

148/94, 150/96, 146/92. Mapulateleti 188. Mapazi atupa, masilipasi sakulowa. Amake Mapasa anawayang'ana ndi diso la ntchito yawo: "Saizi naini yachimuna. Mukatuluka mubwere pabenchi yanga."

Lachitatu, 13 Malichi. Masabata 33

Sikani: mwana akuyerekezedwa makilogalamu 1.8. Madzi alipo okwanira. Magazi opita kwa iye kudzera mu mchombo akuyenda, koma movutikirapo kuposa sabata yatha. Nsengwa ikutopa.

Namwino wa kafukufuku atenganso magazi, ulendo uno ayezi ali pambali. Ndinawapempha andiuze leputini wanga ali pati. Akuti magazi onse akuwasunga mufiriji, adzayezedwa pamodzi chaka chamawa, ndipo pa botolo langa palibe dzina, pali nambala chabe. Ndikudziwa kuti umu ndi mmene ziyenera kukhalira. Zandiwawabe. Ndimafuna nambala yoti ndikawaonetse apongozi, kuti njala yanga si umbombo.

Ndinawafunsanso ngati kunenepa kwanga ndiko kwabweretsa matendawa. Anati kumawonjezera mpata woti munthu awadwale, koma pabedi lachitatu pali mtsikana woonda ngati bango, matenda ake ndi omwewa. Ziwiri zonsezi ndi zoona, ndipo ndazilemba zonse.

Lachinayi, 14 Malichi

Amake Mapasa apita kuthiyeta m'mawa. Powakankha anakuwa wodi yonse ikumva, "Alembi, musatuluke ndisanabwere, muli ndi sipuni yanga!" Madzulo uthenga wafika: anyamata awiri, onse ali bwino. Awasamutsira kuwodi ya obereka. Bedi lachikhumi ayalapo nsalu zatsopano.

152/98, 150/96. Nifedipini amuwonjezera, tsopano katatu pa tsiku. Mapulateleti 164.

Lachisanu, 15 Malichi

154/98. Mapulateleti 149. Akutsika tsiku ndi tsiku, sindikufunika dokotala kuti ndione mzerewo. Masiku asanu.

Loweruka, 16 Malichi

Amuna anga abwera ndi malalanje osenda kale. Akuti apenta chipinda chaching'ono chomwe tinakonzera mwana woyamba uja. Chakhala chotseka zaka zitatu.

"Mtundu wanji?"

"Wotsala kugalaja."

"Bambo, mwana wanga agona m'chipinda cha mtundu wa lole?"

"Wachikasu. Ndi wabwino, mukaona."

Tinaseka mpaka namwino anasuzumira. 152/100. Mapulateleti 131.

Lamlungu, 17 Malichi

156/102, 154/100. Mapulateleti 118. Mwana wasewera kakhumi pasanakwane maola awiri. Ndatopa. Masiku atatu.

Lolemba, 18 Malichi. Masabata 33 ndi masiku 5

7:30. Lamba wamkulu: 158/108. Sizinafike pa mzere womwe tinagwirizana. Namwino walemba, wapita pabedi lina.

Chomwe sanalembe, chifukwa sindinamuuze: ndadzuka ndi mutu wolasa kumbuyo kwa maso. Ndikayang'ana khoma loyera ndikuona timadontho towala. Pansi pa nthiti za kumanja pakupweteka ngati wina wakanikizapo chibakera.

Palibe makina muno omwe angaone zimenezi. Ndikudziwa ine ndekha. Kwatsala masiku awiri okha. Ndakhala mphindi makumi awiri ndikudziuza kuti mutu ndi wa kusagona bwino, nthiti ndi nyemba za dzulo. Moyo wanga wonse ndakhala ndikunena kuti zomva m'thupi zimanama, choyezera sichinama. M'mawa uno ndikufuna kubisala kuseri kwa choyezera.

Kuntchito botolo likadutsa mayeso onse koma ukalitsegula n'kumva fungo, sulitumiza kusitolo. Ndachotsapo anthu ntchito pa zimenezi.

7:55. Ndaitana Sisitala. Ndawauza zonse zitatu.

9:10. Mapulateleti 92. Chiwindi chayamba kukhudzidwa. BP 166/112. Andibaya magineziyamu woteteza kukomoka, thupi lonse latentha ngati ndaima pafupi ndi ng'anjo. Dokotala wamkulu akuti, "Mukanakhala chete mpaka madzulo, bwenzi tikukamba zina." Dokotala wamng'ono wabweretsa pepala lija. Ndasaina osawerenganso. Amuna anga ali m'njira.

Masiku asanu ndi atatu ndinawapulumutsa. Awiriwa si anga.

Lachiwiri, 19 Malichi

Mtsikana. Anabadwa dzulo 11:42. Makilogalamu 1.94. Analira, ndinamumva. Ali kunazale, chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, ali ndi kapaipi ka mpweya m'mphuno. Sindinamuonebe. Diripi, paipi ya mkodzo, bala. Kulemba kukuvuta.

Lachitatu, 20 Malichi

Magineziyamu watha. BP 154/100. Mapulateleti 105, ayamba kukwera. Ndaima kawiri, kachiwiri ndafika pachitseko.

Ndafinya mkaka woyamba, wachikasu, mamililita atatu mu kasirinji. Amuna anga anaunyamula ndi manja awiri kupita nawo kunazale ngati ndi dzira losweka kale. Abwera ndi chithunzi pafoni. Mutu wake ndi wochepa kuposa chikhatho chawo.

Apongozi afika ndi msuzi wa nkhuku. Lero akuti ndidye kwambiri, mwana apeze mkaka. Ndadya.

Lachinayi, 21 Malichi

Andikankha pa njinga ya odwala mpaka kunazale. Ndinasamba m'manja mpaka m'zigongono. Ali mu kabokosi ka galasi, wavala thewera lokha ndi kachipewa. Nthiti zake zikuwerengeka. Akupuma msangamsanga, koma akupuma. Ndinafunsa manambala onse: mpweya awuchepetsa kawiri kuyambira dzulo, akulandira mkaka mamililita asanu pa maola atatu alionse kudzera mu kapaipi, kulemera kwake kwatsika kufika makilogalamu 1.83, zomwe akuti zimachitika kwa onse masiku oyamba. Manambala atatha ndinalibenso chofunsa. Ndinalowetsa chala pa kabowo. Anachigwira.

Lachisanu, 22 Malichi

BP yanga 148/96. Mankhwala ndipitiriza kwa masabata angapo. Dokotala wamkulu akuti munthu amene wadwala matendawa ayenera kusamala mtima ndi mitsempha moyo wake wonse, ndipo za kulemera tidzakhala pansi bala likapola, pang'onopang'ono, osati za njala zija. Ndavomera. Ndikufuna kudzakhalapo.

Kapaipi ka mpweya akachotsa m'mawa. Vuto latsala ndi kuzizidwa. Akamutulutsa mu kabokosi kutentha kwa thupi lake kumatsika. Namwino wa kunazale, mayi wamfupi wa mawu aakulu, anayeza: 35.9.

"Masulani malaya, amayi."

"Onse?"

"Nanga mukuchitira manyazi ndani? Muno tonse tinaona kale."

Anamuika chafufumimba pachifuwa panga, khungu kukhudza khungu, n'kutimanga pamodzi ndi nsalu. Anabwerera m'mbuyo, n'kutiyang'ana ngati mmisiri woona ntchito yake.

"Eee, koma apa ndiye pali malo. Uyu wapeza nyumba ya zipinda zinayi. Ena aja amavutika, mwana kumangogunda mafupa."

Ndinaseka, bala linandikumbutsa kuti lilipo. Mwana anasuntha mutu kawiri, n'kupeza pomwe amafuna, n'kugona.

Patatha ola namwino anayezanso: 36.8.

Akuti ndikhale chonchi maola ambiri mmene ndingathere, tsiku lililonse, mpaka afike makilogalamu awiri ndi kupitirira. Ndafunsa kuti ambiri ndi angati. Akuti ena amatha khumi ndi asanu ndi atatu. Ndawauza amuna anga abweretse pilo wina ndi malaya otsegula kutsogolo.

Ndikulemba ndi dzanja limodzi, zilembo zikupita chokhota. Linalo lili pamsana pake, likukwera ndi kutsika.